Mafunso kwa makaniko: galimoto yoyendera gasi

Funso: Achimwene, ndili ndi Honda Fit ija yakale ya 1.3, ndimanyamula anthu kuchoka ku Mabvuku kupita m'tauni ya Harare. Chaka chatha ndinaikitsa kit ya gasi wa LPG (zipangizo zoyendetsera galimoto pa gasi) ndipo ndalama ya mafuta inatsikadi. Koma tsopano ikaima pa maloboti injini imanjenjemera n'kuzima, kaya ndili pa gasi kaya pa petulo. Mapulagi ndasintha kale. Wina ku Gazaland, kumene kuli amakaniko ndi ogulitsa zida za magalimoto, akuti ndigule kompyuta ina ya gasi. Ndigule?

Yankho: Musagule, bambo. Ngati ikuzima ngakhale pa petulo, kompyuta ya gasi ilibe mlandu. Mavavu anu a exhaust athina. Ma Fit a gasi amene amabwera kuno ndi dandaulo limeneli, ochuluka vuto limakhala lomwelo.

Petulo amalowa mu injini wonyowa, amaziziritsa vavu, ndipo amasiya kamwaye pamene vavuyo imakhalira. Gasi amalowa wouma, sasiya kanthu. Ndiye vavu imamenya chitsulo pachitsulo, n'kumamira pang'onopang'ono m'mutu wa injini. Ikamamira, kampata ka pamwamba kamachepa, mpaka vavu osatsekanso bwino. Kompuleshoni imathawa, injini imagwedezeka ikaima, ndipo mukapitiriza kuyenda nayo vavu imapsa m'mphepete. Zikafika pamenepo ndiye kuti mutu wonse utsike.

Chimandiwawa n'chakuti vavu yothina siichita phokoso. Yolekera ndiyo imalira kuti tiketiketike, mwini n'kuthamanga nayo ku galaja. Yothina imangoti zii, mwini n'kumasangalala kuti injini yafatsa pomwe ikudzidya.

Galimoto igone pa galaja usiku wonse, muyeze m'mawa injini ili yozizira ndithu. Makaniko amene akuyeza injini yongofika kumene kuchokera pa Mutare Road akukutayitsani ndalama. Atsegule chivundikiro cha pamwamba, atenge feeler gauge, tizitsulo topyapyala toyezera kampata ka vavu. Pa injini imeneyo intake imafuna 0.15 mpaka 0.19 mm, exhaust 0.26 mpaka 0.30 mm. Kachitsulo koyezerako kazilowa kakukhula pang'ono, osati kokankha ndi mphamvu, osatinso kongodutsa. Ine pa galimoto ya gasi ndimaika exhaust pa 0.30 penipeni, chifukwa ndikudziwa kuti ikupita kothina. Ndipo asanakhudze sikuluu iliyonse, alembe papepala muyeso umene waupeza pa vavu iliyonse. Pepalalo musunge mu dashibodi. Mukadzayezanso pakatha makilomita 20,000 mudzaona nokha vavu imene ikumira msanga. Mwayi wanu ndi woti Fit imakonzedwa ndi sikuluu ndi nati basi. Anzanu a Probox yakale injini yawo ya 1NZ imafuna kuchotsa camshaft ndi kusintha timakapu, ntchito yodula.

Akamaliza ayeze kompuleshoni. Silinda imodzi ikatsalira kutali ndi zinzake, vavu yapsa kale. Za mapulagi, injini yanu ili ndi 8, awiri pa silinda iliyonse, ndipo anayi akumbuyo anthu ambiri sawasintha. Amene anaika kit alumikizenso laputopu aone ngati gasi sakuchepa, pakuti gasi akachepa moto umatentha kwambiri ndipo mavavu amatha msanga. Ma injector (tothirira gasi mu injini) otchipa opanda dzina ndiwo amachita zimenezi, lililonse kuthira mwa lokha.

Funso: M'mawa mwezi wa Juni galimoto ikasintha kupita pa gasi imatsamwa, ndipo kachitsulo kozungulira ka gasi kamachita chisanu choyera pamwamba. Ndine mayi wa ku Tafara, galimoto ndi Nissan AD.

Yankho: Mayi, kameneko ndi reducer, ndipo sikakulandira madzi otentha. Gasi amachoka m'thanki ali madzimadzi, ndipo amafuna kutentha kwa madzi a injini kuti asanduke mpweya. Onani madzi mu redieta. Ngati ali odzaza, funsani ngati wina sanachotse thermostat. Chizolowezi chochotsa thermostat ati kuti injini isatenthe chawononga magalimoto ambiri mu Harare muno. Abwezeretse, atulutse mpweya m'mapaipi a madzi, ndipo kompyuta aiike kuti izisintha madzi akafika madigiri 35 kapena 40. Petulo asamathe m'thanki, chifukwa injini imayamba kulira pa petulo ndipo pampu ikayenda youma imapsa.

Funso: Kit yonse yandikulira mtengo. Kodi sindingangoika silinda yophikira ya 9 kg m'buti n'kulumikiza paipi?

Yankho: Ayi, ndipo galimoto yotero pa galaja panga siilowa. Thanki ya galimoto imamangidwa ndi mabawuti, ndipo ili ndi multivalve imene imaletsa kudzaza kupitirira 80 peresenti, imatseka yokha paipi ikaduka, imatsekanso injini ikazima. Silinda ya kukhitchini ilibe zonsezi, ndipo inapangidwa kuti iziima chilili, osati kugubuduzika m'buti pa dzuwa la Okutobala. Lita imodzi ya gasi wamadzi imasanduka malita pafupifupi 250 a mpweya, mpweya wolemera kuposa umene timapumawu, ndiye suuluka, umadikha pansi m'buti kudikira waya wa nyali athetheke. 

Thanki ndi multivalve zikhale ndi chidindo cha 67R-01 chosonyeza kuti zinapambana mayeso a chitetezo, mapaipi akhale a gasi enieni osati a madzi, ndipo polumikiza paliponse apake thovu la sopo inu mukuona. Musanalipire kalikonse pezani kaye malo okhala ndi chiphaso cha ZERA (bungwe loyang'anira za mafuta, gasi ndi magetsi m'Zimbabwe) amene angathire thanki yomangirira m'galimoto, pakuti tima kiosk ta m'malokesheni timadzaza masilinda pa sikelo. A inshuwalansi anu muwauze.

Powerengera phindu kumbukirani kuti kilogalamu imodzi ya gasi ndi malita ochepera pang'ono pa 2, ndipo galimoto imadya malita ochuluka ndi pafupifupi 20 peresenti kuposa pa petulo. Ngati galimoto yanu ndi yongopita kutchalitchi ndi ku Mbare Musika, ndalama ya kit sidzabwerera msanga. Ngatinso ndi Noah kapena Wish ya injini ya D-4, imene imathira petulo mwachindunji mu silinda, kit wamba sigwira, imafuna yakeyake yodula kwambiri.