Kebulo ya eriyo ikutumizadi mawu? Yankho kwa achimwene a ku Ngabu

Achimwene ena a ku Ngabu andilembera imelo kuti wailesi yawo ya mauthenga ikuyaka bwinobwino koma anzawo sakuwamva, ndiye akuti mwina agwire waya wa eriyo ndi dzanja amve ngati mukudutsa moto. Chonde achimwene musagwire, mphamvu ya wailesi imawotcha khungu mpaka mkati ndipo bala lake limachedwa kupola.

Funso lanuli landikhudza. Nthawi ya namondwe wa Freddy mu March 2023, madzi atasefukira netiweki ya foni itathima, tinali pa kampu ina kuno ku Chikwawa, wailesi ili pa batire ya sola, kanyali kofiira kakuyaka ndithu, mnyamata wina akukuwa mu maiki mpaka mawu kusasa koma osayankhidwa, kunjaku azimayi ali ndi ana kumsana kudikira kuti mwina boti libwera. Titatsitsa eriyo nkumasula konekita madzi anachita kudontha kuchokera mkati mwa kebulo, timawaya takunja tozungulira waya wapakati titasanduka tobiriwira, kungokhudza nkumathothoka. Kanyali kaja kamangonena kuti wailesi ikuyesetsa, sikanena kuti mawu afika ku eriyo.

Ndipo chimene chimandiwawa nchakuti anthu amagula wailesi yodula kenako nkulumikiza ndi kebulo ya TV yotchipa ya 75 ohms pomwe wailesi zimenezi zimafuna ya 50 ohms, monga RG-58 kapena RG-213 ngati mtunda ndi wautali. Kuno kuchigwa dzuwa la October limapyola madigiri 40, pulasitiki wakunja amang'aluka, mvula ikabwera madzi nkulowa, osanenanso makoswe a kudenga. Ine ndimati kebulo ndiye wailesi imene, ndalama muziyambira pamenepo.

Kayezedwe kake

Choyamba dziwani kuti kebulo yabwino siitaya mphamvu m'mbali, imaidutsitsa mkati mpaka ikatulukire ku eriyo, ndiye kuyeza pambali pake sikukuuzani zambiri. Chida chenicheni ndi SWR mita, mumaiika pakati pa wailesi ndi kebulo, mukadina batani lolankhulira imaonetsa mphamvu yopita ndi yobwerera. Nambala ya SWR ikakhala pansi pa 1.5 nthawi zambiri zili bwino, ikafika 3 siyani kudina mungawotche wailesi. Ngati mulibe, tumani munthu ndi kawailesi kam'manja apite patali ndithu, chifukwa pafupi amakumvani ngakhale kebulo itaduka. Mutha kuyezanso ndi matimita, chida choyezera magetsi, wailesi ili yothima, kebulo mutaimasula mbali zonse ziwiri: waya wapakati ndi wakunja asakhudzane, koma aliyense payekha adutse kuchokera uku mpaka uko. Musadine batani eriyo isanalumikizidwe.

Mukapeza kuti munalowa madzi musavutike nkuyanika, sinthani kebulo yonse, ndipo konekita yakumwambayo muikulunge ndi tepi ya labala mvula isanayambe.