Chaka chomaliza mwana wanga anaonera mpira ali kunja kwa bwalo

Mayi wina wa kuno ku Indiana, ku America, wandilembera imelo. Mnyamata wawo akubwera kuchokera ku Malawi, wamaliza Fomu 2, mpira amautha. Kodi timu ya sukulu imutenga? Mayi, funso lanu landigunda pachilonda.

Wanganso anafika atamaliza Fomu 2. Ndine ndinachonderera aphunzitsi kuti abwereze giredi 10, Chingerezi chiyambe chakhazikika. Za masewera sindinafunse n'komwe. Zaka ziwiri anasewera pakati, nyengo ya Ogasiti mpaka Okotobala, ine ndikuthamanga kuchoka kuntchito kuti ndikamuone. Atalowa giredi 12 tinauzidwa kuti nthawi yake yatha. Lamulo limapatsa mwana zaka zinayi zotsatizana kuchokera pamene walowa giredi 9, ndipo Fomu 1 yathu, pobwera pambuyo pa Sitandade 8, anaiwerenga ngati giredi 9. Fomu 1, Fomu 2, giredi 10, giredi 11, basi zakwana. Chaka chonsecho ankanyamulira anzake madzi. Cholakwa chinali changa, ndipo mpaka lero chimandipweteka.

Ambiri timaganiza kuti zimenezi amalamula ndi aboma ku Washington. Ayi. Chigawo (state) chilichonse chili ndi bungwe lake loyendetsa masewera a m'masukulu a sekondale. Kuno ndi IHSAA, lomwe linayamba mu 1903, ndipo mamembala ake ndi masukulu eni ake. Kuli bungwe lina la dziko lonse, NFHS, likulu lake ku Indianapolis konkuno, koma ilo limalemba malamulo a kaseweredwe m'bwalo. Zoti uyu asewere, uyu asasewere, n'za chigawo. Choncho zimene wakuuzani mbale wa ku Texas musazitenge, kwawoko ndi UIL ndipo malamulo ndi ena.

Poyamba ndinakwiya. Lero ndimaikira kumbuyo lamuloli ndi mtima wonse. Ife tinakula tikuona azibambo andevu atavala yunifomu ya sukulu pa tsiku la mpikisano, mwana weniweni wa Fomu 3 atakhala pa benchi. Timaseka, koma kumeneko n'kubera ana. Kuno wokwanitsa zaka 20 pofika tsiku la fainolo ya chigawo sasewera, ngakhale akhale katswiri wotani. Ndi mmene ziyenera kukhalira.

Chimene sindigwirizana nacho n'china. Kale mpikisano wa basketball kuno unali umodzi, sukulu yaikulu ndi yaing'ono pamodzi. Mu 1954 kasukulu ka ku Milan, katauni kakang'ono ka kuno ku Indiana, ka ana 161 okha, kanagonjetsa sukulu yaikulu ya Muncie Central 32-30 n'kutenga chikho cha chigawo chonse. Chitatha chaka cha 1997 anagawa masukulu m'magulu anayi potengera kuchuluka kwa ana. Zikho zachuluka, inde, koma mwana wa kumudzi analandidwa mwayi wokagwetsa chimphona. Akuluakulu a kuno akamaikamba nkhaniyi maso amafiira, ndipo ine ndimawamvetsa.

Tsono muchite chiyani, Mayi

Musanasaine zoti alowe giredi iti, kaonaneni ndi athletic director, mkulu woona zamasewera pa sukuluyo, mutatenga malipoti onse kuyambira Fomu 1 ndi chiphaso cha kubadwa. Mufunseni mosapita m'mbali kuti mwanayo watsala ndi zaka zingati zosewera, komanso ngati kuchokera kunja kumutsekereza ku timu yaikulu. Adzafunika fomu ya dokotala asanayambe zokonzekera, ndipo azikhoza m'kalasi, apo ayi amuimitsa. Zokonzekera za mpira wamiyendo zimayamba kumayambiriro kwa Ogasiti, ndiye tikiti yake ikhale ya Julayi.