Ana a sukulu angawerenge bwanji njuchi kuti asayansi apindule nazo?

Aphunzitsi ena a ku Chadiza atumiza funso ili pa imelo: "Ndili ndi ana 42 a Giredi 6 komanso kadimba ka sukulu. Ndinamva kuti kumaiko ena ana amathandiza asayansi kufufuza za njuchi ndi agulugufe. Ife zipangizo tilibe, foni ndi imodzi yanga yomweyi. Kodi kuno zingatheke, kapena kungakhale kungosewera?"

Aphunzitsi, zitheka ndithu, ndipo foni si chinthu choyamba chofunika. Wasayansi sayembekezera kuti mwana adziwe dzina la kachirombo kalikonse. Chomwe iye alibe ndi maso okwanira kuyang'ana maluwa m'midzi yambiri, sabata ndi sabata. Ntchito ya ana anu ikhala ya phindu ngati aziwerenga mwa njira imodzimodzi nthawi zonse, n'kulemba zimene aonadi. Njira ikamasinthasintha, ziwerengerozo n'zotaya.

Njira yosavuta ndi imene a ku Britain amaitcha FIT Count: kuyang'ana kamalo ka masentimita 50 mulitali ndi 50 mulifupi kwa mphindi 10, n'kuwerenga tizilombo totera pa maluwa. Ku America, Gretchen LeBuhn wa ku San Francisco State University anayambitsa ntchito yofanana nayo mu 2008 pogwiritsa ntchito mpendadzuwa, mbewu imene kuno kwathu ili mbwee kuyambira ku Petauke mpaka ku Lundazi.

Dulani timitengo ta nsungwi tinayi, kalikonse masentimita 50, mumange m'makona ndi luzi kuti tipange chimango cha mbali zinayi. Ana muwagawe atatuatatu: woyang'ana, wolemba, ndi wosunga nthawi. Asankhe mtundu umodzi wa duwa, aike chimangocho, awerenge maluwa otseguka amene ali m'kati, kenako akhale chete pambali pomwe chithunzithunzi chawo sichigwera pa maluwawo. Asanayambe alembe tsiku, ola, malo, dzina la mbewu, ngati kuli dzuwa kapena mitambo, ngati kuli mphepo, ndiponso ngati m'mundamo kapena moyandikana anapoperamo mankhwala sabata imeneyo. Kachirombo kowerengedwa ndi kokhako kamene katera pa duwa; kotera pa tsamba kapena kongodutsa ayi. Njuchi imodzi ikachoka pa duwa ili n'kutera pa linzake m'chimango momwemo, ndi imodzi yomweyo.

Magulu akhale ochepa: njuchi za uchi, bemberezi, tinjuchi tina, mavu, ntchentche, agulugufe, tizikumbu, ndi "sindikudziwa". Gulu lomalizali musalichotse. Mwana amene saloledwa kunena kuti sakudziwa amangolota dzina.

Nthawi yowerengera imalamulidwa ndi mbewu. Duwa la dzungu limatseguka mbandakucha ndipo dzuwa likafika pamutu limakhala litafota, osatsegukanso. Choncho pa maungu muwerenge sukulu isanayambe kapena pa phunziro loyamba. Mukapita masana mudzalemba kuti kulibe njuchi pamene zinabwera kale n'kupita. Mpendadzuwa ulibe vuto limeneli. Temu yoyamba, Januwale mpaka Epulo, ndiyo ya maungu, nkhaka ndi mpendadzuwa. Mango amachita maluwa nyengo yozizira ikamatha, ndipo ana adzadabwa kuona kuti alendo ambiri pa mango ndi ntchentche. Chimanga ndi nshawa musataye nazo nthawi: mungu wa chimanga umayenda ndi mphepo ngakhale njuchi zimadzatola pa ngayaye, ndipo duwa la nshawa limadzithira lokha.

Tsono zimene zimaononga ntchitoyi. Choyamba ndi ziro. Mwana akakhala mphindi 10 osaona kanthu amachita manyazi, amaonjezera nthawi kapena kusamukira pa duwa lomwe likuchita piringupiringu. Muwauze tsiku loyamba kuti 0 ndi yankho lathunthu, ndipo kwa wofufuza kuchepa kwa njuchi ndi yankho lofunika kwambiri. Musayamikire gulu lopeza zambiri. Yamikirani lolemba zonse. Kamalo kasankhidwe ana asanaone chomwe chateropo, mwachitsanzo poyenda mapazi 10 kuchokera pa chipata cha dimba.

Chachiwiri ndi ntchentche zovala ngati njuchi, za mizere yachikasu ndi yakuda. Mapiko sathandiza kwenikweni, ngakhale ntchentche ili ndi awiri pamene njuchi ili ndi anayi, chifukwa a njuchi amalumikizana n'kuoneka ngati awiri. Ana ayang'ane kumutu. Ntchentche ili ndi maso aakulu odzaza mutu wonse ndi tinyanga tatifupi zedi, ndipo imatha kuima malo amodzi m'malere. Njuchi ili ndi tinyanga tatitali topindika, thupi laubweya, ndipo kawirikawiri imanyamula mungu ku miyendo yakumbuyo. Padziko lonse pali mitundu ya njuchi pafupifupi 20,000, yambiri siipanga uchi ndipo siikhala m'magulu, motero kanjuchi kakuda kochepa ngati njere ya mpunga nakonso ndi njuchi.

Pali kuyesa kumodzi komwe kumaphunzitsa kuposa bolodi. Pa dzungu pali maluwa aamuna, a phesi lowonda, ndi aakazi, okhala ndi kadzungu kumunsi. Madzulo, pezani maluwa aakazi 15 amene nsonga zake zayamba chikasu, kusonyeza kuti atseguka mawa. Asanu muwasiye, mungomanga ulusi woyera pa phesi. Asanu muwaveke kathumba ka nsalu yopyapyala, ulusi wofiira. Asanu otsalawo muwavekenso, koma m'mawa muvule, mupake m'kati mwake mungu wa duwa lalimuna lomwe mwalichotsa masamba achikasu, n'kuvekanso; amenewa ulusi wakuda. Pakapita masiku awiri chotsani timatumba tonse. Sabata ikamatha, timaungu ta ulusi wofiira tidzakhala titachita chikasu n'kuyoyoka. Tikabereka, ndiye kuti kathumba kanali ndi mpata kapena munaveka duwa litatseguka kale. Ndipo ngati opakidwa ndi manja agwira kuposa osiyidwa, dimba lanu likuperewera njuchi. Chenjezo limodzi: musadule neti ya udzudzu kupangira timatumba. Ili ndi mankhwala opha tizilombo, ndiponso ntchito yake ndi kuteteza ana ku malungo.

Foni ija ntchito yake ndi zithunzi. Tsegulani akaunti pa iNaturalist, pulogalamu yotumizirapo zithunzi za zamoyo, m'dzina lanu, popeza ana osakwana zaka 13 saloledwa kutsegula okha. Yatsani chosonyeza malo musanajambule. Kachirombo kalikonse kajambuleni katatu ngati kalola, pamwamba, m'mbali ndi kumaso, duwa likuoneka, nkhope za ana ayi. Zithunzi mutha kuzisunga n'kudzatumiza mukapeza bandulo. Odziwa akagwirizana pa dzina lake, zimene mwatumizazo zitha kulowa mu GBIF, nkhokwe imene asayansi a maiko onse amatapamo. M'mawa kozizira tizilombo timachedwa kuuluka, ndiye nthawi yabwino yojambula.

Ziwerengero za mphindi 10 zija zilembedwe m'buku limodzi lachikuto cholimba losachoka pa sukulu. La temu imodzi silinena zambiri. La zaka zitatu, malo omwewo ndi miyezi yomweyo, ndi limene mungalionetse kwa alangizi a zaulimi a m'dera lanu kapena kwa ofufuza za ulimi a ku Msekera ku Chipata. Ngati sukulu ili ndi kalabu ya zachilengedwe ya Chongololo, ntchitoyi ikhazikeni m'menemo kuti isathe inu mukasamutsidwa.

Za kuteteza njuchi n'zosavuta. Mbale ya madzi yoikamo miyala kuti njuchi zisamire, madzi kusintha masiku awiri alionse kuopa udzudzu. Mtolo wa timabango totalika masentimita 15, mabowo a mamilimita 3 mpaka 10, mfundo ili kumbuyo, kuupachika pansi pa khonde posafika mvula. Kachigawo ka dothi louma kosalimidwa, popeza njuchi zambiri zimakumba pansi. Chisoso cha m'mphepete chisiyeni chichite maluwa. Kunyumba ana akanene ziwiri: mankhwala a thonje ndi a m'dimba apoperedwe madzulo njuchi zitabwerera, osati pa maluwa otseguka, ndipo moto wosakira mbewa umapsereza zisa pamodzi ndi maluwa a chilimwe. Pa 20 Meyi, tsiku lokumbukira njuchi padziko lonse, itanani makolo adzaone bukulo ndi maungu a ulusi aja.

Kuluma kukudetsani nkhawa, n'zomveka. Njuchi ili pa duwa siilabadira munthu ngati saigwira. Zoopsa ndi za pafupi ndi mng'oma kapena mphako, choncho musawerengere kumeneko. Funsani makolo ngati pali mwana amene anatupapo kwambiri atalumidwa, ameneyo akhale wolemba, chapatali. Wina akalumidwa, palani mbola ndi chikhadabo msangamsanga. Akayamba kutupa nkhope kapena milomo, kapena kubanika, thamangirani naye ku chipatala nthawi yomweyo.