Mbale za nyimbo za malemu bambo: tigulitse bwanji osakangana?

FUNSO: Akonzi, bambo athu anatisiya chaka chatha ndipo anasiya thiranki lodzaza mbale za galamafoni, pafupifupi 200. Zina anabwera nazo ku Joni nthawi ya Wenela, zina anagula ku Ndola. Ana tilipo asanu, mayi ali moyo. Bambo wina wa ku Lilongwe waona zithunzi pa WhatsApp ndipo akufuna atenge zonse pa K200,000. Achimwene akuti tilandire, achemwali akukana. Titani? Wowerenga, Linga, Nkhotakota.

YANKHO: Pepani ndi zovutazo. Musavomere kapena kukana mtengowo musanadziwe zimene zili m'thirankimo. Pa mulu wotere, mbale zochepa chabe ndi zimene zimanyamula pafupifupi mtengo wonse, ndipo wogula wodziwa amakhala waziona kale pa zithunzi zija.

Koma yambani ndi mayi. Lamulo la chuma cha masiye la 2011 limati ngati malemu sanasiye wilo, katundu wa m'nyumba amatsala m'manja mwa mkazi kapena mwamuna wamasiye. Choncho achimwene sangagulitse paokha, ngakhale ndi aakulu. Mayi akavomera, khalani pansi nonse, pakhale malume kapena mwini mbumba monga mboni.

Kenako gulani kope. Mbale iliyonse ikhale ndi mzere wake: dzina la woimba, dzina la kampani ndi nambala yolembedwa pa kapepala kozungulira ka pakati. Palinso nambala ina yozokota pamalo osalala, pakati pa nyimbo yomaliza ndi kapepalako. Pendeketsani mbaleyo pa kuwala kuti muione. Nambala imeneyi ndi imene imasiyanitsa mbale yoyambirira ndi yodindanso pambuyo pake, ndipo mitengo yake imasiyana kutali. Zisanjeni m'magulu atatu: zazikulu za mainchesi 12 zoyenda pa 33 (kuzungulira ka 33 pa mphindi imodzi), zing'onozing'ono za mainchesi 7 zoyenda pa 45, ndi zakale zolemera zoyenda pa 78. Zomalizazi si pulasitiki ayi, zimasweka ngati mbale yadothi zikagwa.

Tsopano za mtengo. Anthu ambiri amaganiza kuti mbale ya woimba wotchuka ndiye ya ndalama. Nthawi zambiri ndi mosemphana. Mbale za Jim Reeves zinadindidwa mamiliyoni ndipo zilipo mbwee dziko lonse, kotero mtengo wake ndi wochepa ngakhale bambo ankazikonda. Zimene osonkhanitsa mbale akunja amazisakasaka ndi zimene zinadindidwa zochepa kuno kwathu ndi maiko oyandikana nawo. Poti mwatchula Ndola, yang'anitsitsani za magulu a ku Zambia a m'ma 1970 monga WITCH, Amanaz ndi Ngozi Family. Yoyambirira yosamalidwa bwino imatha kugulidwa madola mazanamazana, ndiye kuti imodzi yokha ikhoza kuposa K200,000 ija. Za Joni za makampani a Gallo ndi Troubadour, komanso iliyonse ya oimba a ku Malawi, muziike padera.

Lowani pa Discogs, tsamba la pa intaneti logulitsirapo mbale za nyimbo, lembani nambala zija. Musatengeke ndi mitengo imene ogulitsa akuitanitsa, poti aliyense angathe kulemba chimene wafuna. Onani pamene akuonetsa ndalama zimene anthu analipiradi: yotsika, yapakati ndi yokwera. Tengani yapakati. Ndipo mudziuze zoona pa za mmene mbale yanu ilili. Ogula amagwiritsa ntchito zilembo: NM ndi yooneka ngati yatsopano, VG+ ili ndi timikwingwirima tosamveka kwenikweni ndipo imagulidwa pafupifupi theka la mtengo wa NM, VG imamveka phokoso pang'ono ndipo imatsikira pa gawo limodzi mwa anayi. Mbale zambiri zimene zinavinitsa anthu pa maukwati ndi singano yobuntha sizipitirira VG. Njira yophweka: yendetsani chikhadabo mopepuka pa mkwingwirima. Ngati chikukodwa, singano nayonso ikhoza kudumpha.

Musanajambule zithunzi zina, zipukuteni, koma mosamala. Tengani madzi a batire osasakaniza ndi asidi, theka la lita, dontho limodzi la sopo wamadzi wotsukira mbale zodyera, ndi kansalu kofewa. Pukutani motsata mizere mozungulira, osati modutsa, osanyowetsa kapepala ka pakati. Zisiyeni ziume choimirira pamthunzi. Spiriti pa mbale ya 78 ndi imfa, amaisungunula. Palafini musayese pa iliyonse. Zikuto musataye ngakhale zadyedwa ndi mphemvu, poti mbale yopanda chikuto chake imagwa mtengo. Ndipo thiranki lachitsulo pansi pa malata, ndi dzuwa la Okutobala la kunyanja kuno, limapinda mbale. Zitulutseni lero, muziimike chilili m'katoni pamalo ozizira, pokwera pomwe chiswe ndi chinyezi sizifika.

Chilungamo chifikenso kwa wogula. Iye ali ndi ulendo, adzasunga katundu miyezi, zina sadzagulitsa konse. Wogula mulu wonse kawirikawiri amapereka theka la mtengo wa pa intaneti kapena kucheperapo, ndipo uko si kuba. Chimene muyenera kukana ndi choti asankhe zonona khumi pa mtengo wa chipiku n'kukusiyirani zosayenda malonda. Ife tikuona kuti njira yabwino ndi kugulitsa zapamwambazo imodziimodzi, zotsalazo pa mtengo umodzi. Funsani ogula osachepera awiri. Kutumiza kunja nokha kumapindulitsa pa mbale zodula zokha, chifukwa positi imadya ndalama ndipo ikasweka m'njira mumabweza ndinu.

Mbale isachoke pakhomo ndalama isanalowe. Ilowe pa nambala imodzi ya Airtel Money kapena Mpamba imene nonse mwagwirizana, uthenga wake auone aliyense. Wofuna kusunga mbale ina monga chikumbutso asunge, koma mtengo wake ulembedwe m'kope ndipo uchotsedwe pa gawo lake. Apo ndi pamene mabanja ambiri amayambanirana.

FUNSO: Ndili ndi mbale zitatu zopindika. Mnzanga akuti ndiziike pakati pa magalasi awiri padzuwa ziwongoke. Zoona? Wowerenga, Senga Bay, Salima.

YANKHO: Musatero. Kutentha kumene kumawongola mbale ndi komwenso kumafewetsa mizere ya nyimbo, ndipo ikawonongeka sibwerera. Ngati yapindika pang'ono, iikeni m'chikuto chake pa tebulo losalala m'nyumba, muisanjikize mabuku olemera kwa masabata angapo. Nthawi zina imasintha, nthawi zina ayi. Ya 78 musaipsinje, ithyoka. Pogulitsa, ijambuleni cham'mbali ili pa tebulo kuti wogula aone yekha kupindikako, mutsitse mtengo.