Nyanja ili pakhomo, koma loya wa ku Mzuzu sakufikako

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mayi wina amene ndi loya kuno ku Mzuzu. Dzina ndalisunga monga anapemphera. Anati: "Muofesi mwathu tilimo maloya atatu. M'mawa ndili kukhoti, masana ndikumana ndi eni milandu, usiku ndikulemba. Chino ndi chaka chachitatu ndikulonjeza ana anga awiri kuti chilimwe tipita kunyanja, koma Okutobala amatha tisanapite. Wamkuluyo wasiya n'kufunsa komwe. Ndichite bwanji popanda kugwiritsa mwala anthu amene anandikhulupirira?"

Achemwali, mawu akuti wamkuluyo wasiya kufunsa andilasa mtima, chifukwa inenso mkanjo wakudawo ndauvala zaka zambiri ndipo njira imeneyi ndinaidutsa.

Chaka china tinakwanitsa kunyamuka. Tinatsika mapiri kulowera ku Nkhata Bay, n'kukhotera ku Chintheche. Podutsa m'minda ya mitengo ya raba ija tinaima kugula mpira kwa anyamata ogulitsa m'mbali mwa msewu, mipira yolukidwa ndi raba yomwe imadumpha kuposa ya m'sitolo. Loweruka m'mawa, tisanaponde n'komwe m'madzi, foni inalira: munthu amene ndinkamuimira anamangidwa Lachisanu madzulo, abale ake akulira. Ndinalowa m'galimoto, laputopu pamiyendo, n'kuyamba kulemba zopempha belo. Mwana wanga wamwamuna anabwera mapazi ali mchenga okhaokha, anaima pachitseko atakumbatira mpira uja. Sanalankhule. Anadikira kanthawi, kenako anabwerera yekha kugombe. Pomwe ndinkatseka laputopu dzuwa linali litapendeka.

Chimene chimandipweteka mpaka lero n'chakuti kuthamanga konseko kunalibe phindu. Gawo 42 la malamulo aakulu a dziko lino limati womangidwa akaonekere kukhoti pasanathe maola 48, koma maolawo akathera tsiku limene khoti siligwira ntchito, amakaonekera tsiku loyamba khoti likatsegula. Tsiku lake linali Lolemba basi. Chofunika Loweruka lija chinali loya wina wopita kupolisi, kukamuona munthuyo m'chitokosi, kuyesa belo ya apolisi ndi kukhazika mtima pansi abale ake. Munthu wotero ndinalibe, chifukwa ndinachoka ku Mzuzu osauza aliyense, ngati ndikuzemba.

Ndiye choyamba chimene ndikukupemphani ndi ichi: tsiku lopita kunyanja mulilembe mu dayale yomwe ija mumalembamo milandu, ndi inki, lero. Mukudziwa momwe masiku amapezekera. Mlandu ukaima, woweruza amafunsa maloya a mbali zonse kuti aone madayale awo, ndipo tsamba lopanda kanthu ndiye kuti mwavomera. Ife timadikira kuti ntchito ichepe kaye, pamene dayale ikudzaza miyezi iwiri kapena itatu kutsogolo. Mukalemba msanga, mudzatha kunena mwaulemu kuti tsiku limenelo simupezeka, ndipo nthawi zambiri khoti limasankha lina popanda vuto, poti tsikulo linali lisanaperekedwe kwa aliyense. Likakana, mawu a khoti ndiwo omaliza, musunthe ulendo.

Chimene sindingakuvomerezeni ndicho kupempha kuti mlandu woikidwa kale uimitsidwe chifukwa cha tchuthi. Mboni yachokera ku Chitipa kapena ku Euthini, yagulitsa nkhuku kuti ipeze thiransipoti, yagona pa wachibale ku Chibavi. Wina ali pa rimandi kundende, akuwerenga masiku ndi zala. Anthu amenewa asamalipire mpumulo wathu. Kupewa tsiku lisanaikidwe ndi kuimitsa mlandu patsiku lake ndi zinthu ziwiri zosiyana kutalitali, ndipo oweruza amakumbukira loya amene amachita chachiwirichi.

Kukatsala masabata awiri, khalani pansi ndi mafayilo onse. Patulani amene ali ndi malire a nthawi, monga apilo kapena chikalata choyankha chisamani, chifukwa masiku amenewo sadziwa zoti muli kugombe la Chikale ku Nkhata Bay. Amenewo muwamalize musanachoke. Patulaninso amene mwini wake ali m'manja mwa apolisi kapena kundende, ndi ena oti chiletso cha khoti chingafunike mwadzidzidzi. Pa fayilo iliyonse ya mtundu umenewu lembani tsamba limodzi: mlandu wafika pati, chingachitike n'chiyani, wachibale woimbira ndani. Mupatse mnzanu wa muofesimo, mumuuze kuti sabata yake ikadzafika mudzamusenzera chimodzimodzi. Mutu umodzi susenza denga, ndipo mu ofesi ya anthu atatu palibe angapume ngati atatu nonse simunapangane. Eni milanduwo muwauze nokha, ndi nambala ya woti amuimbire. Ambiri sadandaula kuti loya wachokapo. Chimawawawa ndi kukwera minibasi kuchokera ku Rumphi n'kukapeza chitseko chotseka.

Ngati ndinu wolembedwa ntchito, musapemphe tchuthi ngati mukupempha mchere kwa aneba. Lamulo la za ntchito la chaka cha 2000 limapereka masiku 15 a tchuthi cholipidwa pachaka kwa wogwira ntchito masiku asanu pa sabata, ndi 18 kwa wogwira masiku asanu ndi limodzi. Lamulo limeneli timaimira nalo anthu ena kukhoti la za ntchito, koma ife eni timachita nalo manyazi. Ndipo musadzinamize kuti Disembala adzakhala wopepuka. Chiphaso cha uloya chimatha kumayambiriro kwa chaka, ndiye miyezi imeneyo ambiri timakhala tikuthamangitsa maphunziro oonjezera ndi milandu yothandiza anthu mwaulere zimene zimafunika pochikonzanso. Mvula nayo imakhala yayamba.

Tsopano za kopita. Langizo langa n'lakuti muyambe ndi pafupi. Kuchoka ku Mzuzu kufika ku Nkhata Bay sipakwana makilomita 50, ulendo wa ola limodzi kapena kupitirira pang'ono. Ana ali pasukulu mu Okutobala, choncho Loweruka ndi Lamulungu ndi zimene muli nazo, ndipo n'zokwanira. Nyamukani mbandakucha, Mzuzu akadali ndi kachisanu kake kaja. Mukamatsika mudzamva mpweya ukusintha, juzi n'kuvula. Mwera umakhala utaleka, madzi ali bata. Masana mudye kondowole wa nsomba yootcha, ana agone atatopa ndi kusambira. Ambiri amathamangira tchuthi cha Tsiku la Anakubala pa 15 Okutobala, ndipo magombe amadzaza, malo ogona n'kusowa. Ngati mukufuna tsiku limenelo sungitsani malo msanga. Ine ndimakonda sabata yotsatira, mchenga utatsala wa asodzi ndi ana a m'mudzi.

Ku Nyika n'kokongola zedi, mbidzi zikudya msipu pamtunda wopanda mitengo, koma si ulendo wa masiku awiri. Ukadutsa Rumphi msewu ndi wautali ndipo mbali yaikulu ndi wafumbi, umafuna galimoto yolimba; kukafika ku Chelinda, komwe alendo amagona, n'kubwerera m'mawa mwake ndiye mwangokatopa. Kumeneko musungire nthawi imene mwatenga masiku anayi. Ku Livingstonia, kukwera msewu wokhotakhota wa Gorodi ndi kukaona mathithi a Manchewe, n'kotheka pa masiku awiri ngati woyendetsa ali wodekha. Za Ilala yopita ku Likoma ndinene mosabisa: sitimayo imadutsa kamodzi pa sabata mbali iliyonse ndipo nthawi zina imachedwa, choncho munthu amene ali ndi mlandu Lolemba m'mawa asaiyese.

Foni ndiyo idzakuyesani kwambiri. Sindikuti muizimitse masiku onse, poti mtima wa loya sungagone. Panganani ndi mnzanu uja kuti mudzaitsegula kamodzi, mwina 6 koloko madzulo, kwa mphindi 20, ndipo iye yekha ndiye adzakuuzeni ngati pali choti inu nokha mungachithe. Nthawi ina yonse ikhale m'chikwama, kuchipinda. Laputopu isakwere n'komwe galimoto. Mudzaona kuti maola oyambawo dzanja lizingopita m'thumba lokha, ndipo mudzakumbukira ndime ina ya chikalata muli pakati pa madzi. Zimatha pofika madzulo.

Za mwana wamkuluyo, musamulonjezenso kanthu pakadali pano. Wamva malonjezo atatu, lachinayi silimukhudza. Dikirani tsiku lilembedwe, mnzanu avomere, malo ogona mulipire. Mukatero mumuitane, mutsegule dayale ija imene amaiona ikumulanda amayi ake, mumuonetse tsamba limene palembedwa Nkhata Bay ndi dzina lake, mumupatse cholembera asankhe yekha chimene mukachite Loweruka masana. Mukabwerako mundilemberenso, ndikufuna kumva chimene anasankha.