Agogo anagwa pamjigo koma pepala likuti chibayo

Mayi wina wa ku Ngabu wandilembera imelo, akuti agogo ake anaterereka pamjigo nkuthyoka fupa la m'chiuno, anagona m'chipatala masabata angapo mpaka kutisiya, koma papepala la imfa adokotala analemba chibayo. Akufunsa ngati kumeneku sikunama.

Pepani mayi ndi zovutazi. Kunama ayi, chibayocho chinalipodi, munthu wamkulu akagonekedwa chagada mwendo ataumangirira zolemera, osatembenuka, makhololo amadzadza m'mapapo, zilonda zimabuka kumsana, chibayo nkudzangomalizitsa. Vuto ndi loti fomu ija ili ndi mizere ingapo, pamwamba amalemba chomwe chamaliza munthu, pansi penipeni chomwe chinayambitsa zonsezo, ndipo owerengera amatenga cha pansicho. Ndiye dokotala wotopa, wodi yadzadza, kutentha kwa kuno mukukudziwa, akalemba mzere umodzi basi, kugwa kuja sikudzaonekanso m'mabuku a boma.

Ngakhale kwa azungu zinawasokonezapo izi. Buku la WHO, bungwe la zaumoyo padziko lonse, la manambala a matenda, ICD-10, limaika kugwa pa W00 mpaka W19, koma pepala likangoti fupa lothyoka osanena kuti linathyoka bwanji, imfayo imaponyedwa ku X59, kumene kumapita ngozi zosadziwika bwino. Buku lakale linkawerengera zoterezi kumbali ya kugwa, moti America itasamukira ku buku la ICD-10 mu 1999 imfa zambiri zinachoka pamndandanda wa kugwa, osati poti nkhalamba zinasiya kuterereka ayi, anangosintha kabati.

Kwathu kuno nkhani ndi ina. Agogo a ku Makhanga akagwa m'matope nthawi ya madzi osefukira, ambiri safika nkomwe ku Nsanje boma, osanena za ku Queens, amamwalira pamphasa kunyumba, abale nkuti ndi ukalamba, ena nkuyamba kulozana zala za ufiti. Lamulo la kalembera la 2010 limati imfa iliyonse ilembedwe ku NRB, nthambi ya boma ya kalembera, koma amfumu angatsimikize kuti munthu wamwalira, chomwe chamupha sangachiyeze. Ndiye WHO ikamati anthu pafupifupi 684,000 amafa chifukwa chogwa chaka chilichonse, ambiri opitirira zaka 60, kumayiko ngati athu nambalayo imachita kuyerekezedwa, ndipo ine ndimaona kuti agogo athu ambiri m'mabuku mwathu mulibe.

Ngati mungathe bwererani kuchipatalako ndi buku lawo lakuchipatala, mukafunse mwaulemu ngati angaonjezere kugwako pamzere wa pansi.