Funsani Aphunzitsi: Kodi ndisiye Physics kuti mapointi asaonongeke?

Aphunzitsi, ndine mtsikana wa zaka 15 ndipo ndangolemba kumene JCE pa CDSS ina kuno ku Dedza. Chiyambire ku pulayimale mtima wanga uli pa unamwino. Atiuza kuti polowa Fomu 3 aliyense asankhe mbali, ya sayansi kapena ya History ndi Bible Knowledge. Anzanga a Fomu 4 akuti ndisayerekeze kutenga Physics ndi Chemistry chifukwa pasukulu pathu palibe labotale, ndiye zidzangondionongera mapointi. Amalume nawo akuti bola mapointi achepe, yunivesite idzanditenga. Ndimvere ndani?
Mtsikana wa ku Dedza

Mwanawanga, usasiye Physics, usasiye Chemistry. Ndayamba ndi mawu amenewa kuti ngakhale magazini ino wina akulande usanamalize kuwerenga, ukhale utamva chachikulu.

Amalume ako akunena zoona mbali imodzi. Pa MSCE, mayeso omaliza Fomu 4, bungwe loona za mayeso la MANEB limapereka magiredi kuyambira 1 mpaka 9: 1 ndi 2 ndi distinction, 3 mpaka 6 ndi kirediti, 7 ndi 8 wangokhoza chabe, 9 walephera. Mapointi amawerengedwa pa maphunziro asanu ndi limodzi amene wachita bwino koposa, Chingerezi chili momwemo, ndipo akachepa m'pamene anthu amaimba nthungululu. Koma fomu yofunsira malo m'mayunivesite a boma, imene imadzera ku NCHE, bungwe loyang'anira maphunziro apamwamba, siyimafunsa mapointi okha. Makirediti asanu ndi limodzi kuphatikizapo Chingerezi amangokulola kupikisana nawo. Kenako kosi iliyonse ili ndi maphunziro akeake amene imafuna, ndipo osankha amayang'ana kaye amenewo. Ukadzapeza mapointi 12 ndi History, Bible Knowledge, Social Studies ndi Chichewa, mudzi wonse udzavina, koma ku yunivesite ya zaumoyo ya KUHeS, kumene kuli unamwino wa digiri kuchokera pamene College of Medicine ndi Kamuzu College of Nursing zidaphatikizana mu 2021, sadzakuwerengera n'komwe. Kumeneko akufuna Biology, Chemistry, Physics, Masamu ndi Chingerezi. Ku Mzuni nakonso unamwino ulipo, ndipo njira yake ndi sayansi yomweyo. Ngakhale utati digiri ayi, ndiyambe ndi dipuloma ku Malawi College of Health Sciences kapena m'makoleji a mipingo a pansi pa CHAM monga ya ku Nkhoma pafupi nanu pompo, sayansi adzakufunsabe.

Pa zaka zanga zophunzitsa, chimene chinkandiwawa kwambiri si ana olephera ayi. Ankandiwawa ndi amene akhoza bwino, satifiketi ili m'manja, koma poona mndandanda wa makosi n'kupeza kuti chimene ankalota chidatsekeka ali Fomu 3, tsiku limene adatsatira anzawo posankha. Mwana wotere amalira mosiyana ndi wolephera, chifukwa khama adachita.

Sindikunyoza History kapena Bible Knowledge, undimvetse. Wofuna uphunzitsi kapena maphunziro a zachikhalidwe ku UNIMA ku Zomba, amenewo ndiwo ake, ndipo awagwire mwamphamvu. Ndikukana zosankha phunziro chifukwa choopa linzake.

Tsopano za labotale. Vuto limenelo ndi lenileni ndipo si iwe udalipanga. Zimandipweteka kuti mwana wa pa CDSS amalemba pepala limodzimodzi ndi mnzake wa pa sukulu yogonera konko amene wakhala akugwira zipangizo kuyambira Fomu 1. Komabe pali zimene ungachite. Sonkhanani inu amene mwasankha sayansi, mupite kwa ahedi mwaulemu, muwapemphe akambirane ndi sekondale yapafupi imene ili ndi labotale kuti muzikachitako mapulakitiko ngakhale kamodzi pa teremu. Pemphani chaka chino, osadikira kuti mayeso ayandikire. Funa silabasi ya phunziro lililonse, uikopere m'kope lako, uzichonga mutu uliwonse mukamaliza; ukatero udzadziwa wekha pamene kalasi yatsalira. Mapepala a mayeso a zaka zam'mbuyo uyambe kuwayankha Fomu 3 yomweyi, ndi wotchi pambali. Ndipo Masamu usawasiye tsiku ndi limodzi lomwe, chifukwa ambiri amene amati Physics ndi yovuta, chimawagwetsa ndi masamu a m'katimo.

Chingerezi usachipeputse poti wasankha sayansi. Werenga chilichonse chimene chakupeza, nyuzipepala yakale ngakhale yokulungira zinthu pamsika, ndipo sabata iliyonse lemba chimangirizo chimodzi aphunzitsi akuchongere.

Kanthu kena kamene ambiri amakaiwala: dzina. Ukakwanitsa zaka 16 kalembetse chiphaso cha unzika, ndipo uonetsetse kuti dzina ndi tsiku lobadwa zikufanana ndendende ndi zimene sukulu idzatumize ku MANEB. Chilembo chimodzi chikasiyana, udzayenda maulendo ambiri pa nthawi imene anzako akudzaza mafomu.

Amalume ako uwawerengere yankho lino mofatsa. Akukufunira zabwino, ndipo udzawafuna pa nkhani ya mabuku ndi thiransipoti. Uwaonetsenso chilengezo cha NCHE cha chaka chino, poti chimatuluka m'nyuzipepala ndi pa intaneti, muone limodzi zimene unamwino ukufuna. Uzichiona chaka chilichonse, chifukwa zofunikira zina zimasintha.

*

Aphunzitsi, pa MSCE mnyamata wanga wakhoza bwino Masamu, Physics ndi Agriculture koma Chingerezi wapeza 7. Ine ndine mlimi wa mpunga, ndalama ndi zosowa. Anthu ena akuti ndigulitse ng'ombe ndimulipirire koleji ina yapulaiveti imene akuti siyiyang'ana Chingerezi. Nditani?
Bambo wa ku Nkhotakota

Bambo, ng'ombeyo isungeni kaye. Ndi 7 pa Chingerezi, mwana wanu sangasankhidwe ku mayunivesite a boma monga LUANAR, MUBAS kapena MUST ngakhale sayansi atakhoza motani, ndipo koleji imene ikulonjeza digiri osafunsa kirediti ya Chingerezi muikayikire. Musanapereke tambala kulikonse, afunseni akuonetseni umboni woti NCHE idavomereza kolejiyo komanso kosi imene mwanayo akufuna, ndipo mutsimikize nokha pa mndandanda wa NCHE. Makoleji apulaiveti abwino alipo, koma amenewo Chingerezi amachifuna.

Njira yotsika mtengo ndi yoti alembenso. Apite pa sukulu yapafupi akafunse za kulembetsa ngati external candidate, wolemba mayeso asali wophunzira wa pasukulupo, nthawi yolembetsa isanatseke, ndipo chaka chimenechi achigwiritse ntchito pa Chingerezi ndi mtima wonse, makamaka chimangirizo ndi summary. Akadzasankhidwa, kuli bungwe la HESLGB limene limabwereketsa ndalama za fizi kwa ophunzira osowa. Ngongoleyo siyibwera yokha: adzayenera kufunsira padera, sapatsa aliyense, ndipo amabweza akayamba ntchito. Choncho pokolola mpunga muzipatulako pang'ono kuyambira pano.

Mumufunsenso mwiniwakeyo chimene akufuna. Ngati manja ake amakonda mawaya ndi mainjini, sukulu zaluso za pansi pa bungwe la TEVETA monga Salima Technical College zili pafupi nanu, ndipo mafomu ake amatuluka padera, osadzera ku NCHE.